Thambo la June na anyamata a ku Guinea Fowl

Mu June kuno ku Lusaka tonse timadandaula cinthu cimodzi: mphepo. Kusamba m'mawa kumakhala nkhondo, pa siteshoni ya minibasi aliyense manja ali m'thumba, milomo nayo imang'ambika. Koma mukafunsa munthu amene amaphunzitsa kuyendetsa ndeke, adzakuuzani kuti May, June na July ndiyo miyezi yokoma kuposa yonse. Kumwamba kulibe mtambo, mvula kulibe, m'mawa mpweya umakhala bata, ndipo kandeke kakang'ono kamanyamuka mosavuta. Boma la Britain linazindikila zimenezi pa nkhondo yaciwili ya padziko lonse, ndipo linatumiza anyamata masauzande kudzaphunzila kuuluka kutsidya kwa Zambezi, m'dziko limene lelo ni Zimbabwe. Nkhani ya maulendo awo aafupi a m'mamawa ni yathu nafenso, cifukwa mathelo ake ali ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, mu 1978.

Britain ithawa thambo lake

Nkhondo itayamba mu September 1939, Britain inali kufuna oyendetsa ndeke ambili, ndiponso mwamsanga. Fakitale ikhoza kutulutsa ndeke zambili pa mwezi umodzi, koma munthu woiyendetsa sapangidwa motelo. Afunika kukhala m'mwamba maola ambili, kunyamuka na kutela mobweleza-bweleza mpaka manja na mapazi atazolowela. Ndipo wophunzila watsopano amauluka na maso. Amayang'ana pamene thambo lakumana na dziko kuti adziwe ngati ndeke yapendekeka, ndipo amayang'ana pansi kuti adziwe kumene ali.

Ku Britain nyengo yozizila imamulanda zonse ziwili. Mu December, usana wa ku London sukwana maola 8, ndipo masiku ambili dzuwa silionekako n'komwe cifukwa ca nkhungu na mitambo yotsika. Mabwalo a ndeke ambili panthawiyo anali a udzu cabe, conco mvula ikagwa anali kusanduka matika. Mu January 1940 kunazizila kuposa mwezi wina uliwonse kucokela mu February 1895, cakuti mbali zina za mtsinje wa Thames zinaundana. Kuwonjezela apo dzikolo ni laling'ono, m'mwamba munali modzaza ndeke za nkhondo, ndipo ndeke za Germany zinali kubwela kudzasaka. Mnyamata amene akali kuphunzila kutela sakanatha kudziteteza.

Conco anaganiza zosamutsa masukulu. Pa 17 December 1939 ku Ottawa, Britain, Canada, Australia na New Zealand anasainilana pangano lophunzitsila pamodzi anchito a m'ndeke za nkhondo. Sukulu yaikulu inakhala Canada. Pofika kumapeto kwa pulogilamuyo mu March 1945, Canada inali itaphunzitsa anthu 131,553, ndipo pafupifupi 50,000 mwa iwo anali oyendetsa ndeke.

Kuuluka pamwamba pa dziko loyela

Mwina mungadabwe: munthu wothawa mphepo angathawile bwanji ku Canada? Kumadela a Manitoba, Saskatchewan na Alberta, kumene kunali masukulu ambili, kuzizila kumafika madigili 30 pansi pa zilo, nthawi zina kuposa apo. Koma kuzizila kwa kumeneko n'kouma. Masiku ambili thambo limakhala loyela, dziko ni lathyathyathya, ndipo Germany inali kutali kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Cimene cimaletsa wophunzila kuuluka ni kusaona, pamene kuzizila kuli na mankhwala ake.

Ndeke imene ambili anayambila inali Tiger Moth ya kampani ya de Havilland, imene inauluka koyamba mu 1931. Inali na mapiko awili mbali iliyonse, lina pamwamba lina pansi, a matabwa okutidwa na nsalu. Ya ku Britain inalibe mabuleki, inalibe wailesi, ndipo injini anali kuiliza mwa kupukusa pulopela na manja. Mipando inali iwili, yopanda denga: mphunzitsi kutsogolo, wophunzila kumbuyo. Pokambilana anali kusewenzetsa paipi ya labala yocoka pakamwa pa wina kupita m'makutu mwa mnzake.

A ku Canada anaona kuti ndeke yopanda denga idzapha ana a eni na mphepo. Anapanga mtundu wawo, DH.82C, woika denga loonekela mkati lotsetseleka, cotenthetsa m'kati, na mabuleki. Sinoo, cipale coyela cija timaona m'mafilimu a Khisimasi, akagwa pabwalo, anali kumutsendela na zogudubuza zolemela zokokedwa na mathalakita, ndipo ndeke zina anali kuzicotsa mawilo n'kuziika matabwa otelela. Vuto lina linali mapu. Mapu amaonetsa nyanja na mitsinje, koma mu January zonsezo zimaundana n'kukwililika, dziko lonse n'kukhala ngati nsalu imodzi yoyela. Wophunzila akasocela anali kutsatila njanji mpaka atapeza tauni, n'kutsika pang'ono kuti awelenge dzina la tauniyo lolembedwa pa nkhokwe zazitali za tiligu.

Dziko lokwela, mpweya wopepuka

Southern Rhodesia sinali m'pangano la ku Ottawa. Boma la Godfrey Huggins linakambilana na Britain palokha, ndipo linafulumila. Mu May 1940 sukulu yoyamba inatsegulidwa ku Belvedere mu Salisbury, mzinda umene lelo ni Harare. Zinatsatila zina: Cranborne na Mount Hampden kufupi na Salisbury, Guinea Fowl, Thornhill na Moffat kufupi na Gwelo, imene lomba ni Gweru, komanso Induna, Kumalo na Heany kufupi na Bulawayo. Zonse pamodzi zinali kuchedwa Rhodesian Air Training Group, ndipo mkulu wake anali Charles Meredith. Pofika kumapeto kwa nkhondo, anthu oposa 8,000 anali atamaliza maphunzilo kumeneko. Ambili anacokela ku Britain, ena ku Australia, ena ku Greece na maiko ena.

Cimene cinawakoka ni thambo limodzi-modzi limene tili nalo kuno. Kucokela mu April mpaka October mvula siigwa kwenikweni, ndipo ngakhale pakati pa June usana umakwana maola pafupifupi 11. Koma dziko lathu lili na msampha wake, ndipo kuti muumvetse mufunika kudziwa cinthu cimodzi cokhudza mpweya. Phiko limanyamula ndeke mwa kukankha mpweya, pulopela nayo imakoka mpweya, ndipo injini imaotcha mafuta na mpweya. Mpweya ukakhala wothithikana, zonse zitatu zimagwila bwino nchito. Ukakhala wopepuka, zonse zitatu zimafooka panthawi imodzi. Zinthu ziwili zimene zimapeputsa mpweya ni kukwela kwa malo na kutentha.

Harare ili pa mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja, Gweru pa mamita oposa 1,400, ndipo Lusaka siisiyana nawo kwambili. Pamalo okwela conco, injini wamba ya ndeke yaing'ono imakhala itataya kale mphamvu pafupifupi 15 pa 100 iliyonse isanacoke n'komwe pansi. Manje wonjezelani kutentha kwa October. Masana kukafika madigili 32, ndeke imene ili pabwalo ku Harare imacita ngati ili pa phili la mamita 2,400. Imathamanga mtunda wautali isananyamuke, ndipo ikanyamuka imakwela mwaulesi. Phunzilo limeneli dela lino linaliona kale mu March 1920, pamene Pierre van Ryneveld na Quintin Brand, pa ulendo wawo wocoka ku England kupita ku Cape Town, anagwa na ndeke yawo Silver Queen II ponyamuka ku Bulawayo italemedwa na mafuta.

Masana a nyengo yotentha ali na vuto linanso. Nthaka ikatentha, mpweya umakwela m'mwamba m'mizati yosaoneka, ndipo kandeke kopepuka kamadumpha-dumpha ngati minibasi pamsewu wa migodi-migodi. Wophunzila sangadziwe ngati ndeke yagwedezeka cifukwa ca dzanja lake kapena cifukwa ca mpweya. Mu August na September utsi wa moto wa m'chile umaphimba dziko, ndipo mvula ikayamba mu November kumabwela mitambo ya mabingu imene ngakhale ndeke zazikulu zimailambalala. Pamatsala m'mawa wa June na July: mpweya wozizila, wothithikana, wosagwedezeka. N'cifukwa cake ophunzila anali kudzutsidwa kukali mdima.

Sikuti m'mawa umenewo unali wopanda zovuta. Ku Gweru cisanu cimagwa mpaka udzu kuyela, ndipo cikamata pamwamba pa phiko, ngakhale copyapyala ngati pepala, cimasokoneza kayendedwe ka mpweya cakuti ndeke ikhoza kukana kunyamuka. Afunika kucicotsa coyamba. M'mwamba namo, pa kilomita iliyonse imene ndeke yakwela kuzizila kumawonjezeka na madigili pafupifupi 6, ndipo mu Tiger Moth yopanda denga mphepo inali kumenya kumaso. Anyamata amene anabwela akuganiza kuti Africa yonse ni ng'anjo anali kuuluka atavala majekete ocindikala na magulovu. Masiku ena kum'mwela cakum'mawa kunali kubwela mitambo yotsika ya mvula yowaza imene a ku Zimbabwe amati guti, yofanana na imene anzathu a ku Malawi amati chiperoni, ndipo ndeke zonse zinali kukhala pansi.

Ulendo wa makona atatu

Maphunzilo oyambilila anali a maola pafupifupi 50 m'mwamba. Ambili anali kuloledwa kuuluka okha kwa nthawi yoyamba pambuyo pa maola 8 mpaka 12 ali na mphunzitsi. Wolephela kufika pamenepo anali kucotsedwa n'kupatsidwa nchito ina. Wopambana anali kupitiliza kuzungulila bwalo, kuphunzila kuwongola ndeke ikayamba kugwa mozungulila, na kutela m'munda injini ikazima. Pambuyo pake m'pamene panali kubwela ulendo weniweni: kucoka pabwalo lako, kupita ku tauni ina, kukhotela ku ina, n'kubwelela kwanu, uli wekha.

Zida zinali zitatu: mapu, kampasi na nkoloko. Usiku wophunzila anali kulemba mzele pa mapu, kupima kumene waloza na kutalika kwake, n'kuika zizindikilo za zimene ayenela kuona pa mphindi yakuti-yakuti. M'mawa anali kufunsa za mphepo, cifukwa ndeke imayenda m'kati mwa mpweya umene nawonso ukuyenda, monga bwato lowoloka Kafue madzi akukoka. Tiger Moth pa ulendo inali kuthamanga makilomita ca m'ma 130 pa ola, liwilo limene galimoto zina zimafika pa Great East Road. Mphepo ya makilomita 30 pa ola yoomba cam'mbali, ngati sunaiwelengele, imakutaya makilomita 30 kumbali pakatha ola limodzi. Kuphonya kampasi na digili imodzi cabe kumakupatutsa kilomita imodzi pa makilomita 60 alionse. Thanki inali kulowa malita pafupifupi 86, okwanila maola osapitilila 3, conco nthawi yofuna-funa njila inali yocepa.

Ku Britain ukakwela m'mwamba umaona midzi, machalichi na misewu paliponse. Ku Rhodesia mu July wophunzila anali kuona chile lofiilila mbali zonse, mitsinje youma, na mapili a miyala ofanana-fanana. Bwenzi lake lalikulu linali njanji yocoka ku Bulawayo kudzela ku Gwelo, Que Que na Gatooma mpaka ku Salisbury. Ukaiona, wapulumuka, malinga usasokoneze kumanja na kumanzele.

Maulendo amenewa anali aafupi, ola limodzi kapena awili, koma ndiwo anali kusandutsa mwana wa sukulu kukhala pailoti. Kumbuyo kulibe mphunzitsi wokuuza kuti wasocela. Ufunika kusankha wekha kuti upitilize kapena ubwelele, ukhulupilile kampasi kapena maso ako, utele m'munda mafuta akalimo kapena uyese mwayi. Omaliza gawo limeneli anali kupita ku ndeke zamphamvu, Harvard kapena Airspeed Oxford, n'kuyamba kuuluka usiku. Si onse anafika kunkhondo. Ku manda a Pioneer ku Harare, a Athlone ku Bulawayo na a ku Gweru kuli mizele ya miyala ya anyamata amene anafela pa maphunzilo osaonako mdani.

Amene anatsala pansi

Bwalo la ndeke silimela lokha. Pafunika kudula mitengo, kuzula zitsa, kugumula zulu, kusalaza nthaka, kumanga mashedi na nyumba zogona. Nchito imeneyi inagwilidwa na anthu akuda, ndipo ambili sanapite mwa kufuna kwawo. Boma linali kulamula mafumu kupeleka amuna, ndipo mu 1942 linakhazikitsa lamulo la Compulsory Native Labour Act, limene linapatsa cibalo mphamvu ya lamulo, maka-maka kuti mafamu a azungu apeze anchito olima cakudya ca dziko limene linali litadzaza alendo. Panalinso gulu la Rhodesian Air Askari Corps, asilikali akuda amene nchito yawo inali kulonda mabwalo na ndeke usana na usiku.

Kukwela m'ndekemo monga wophunzila kunali kosatheka kwa iwo. Sikuti munthu wakuda sakanakwanitsa. Pa nkhondo imodzi-modziyo RAF inalandila anyamata mazana ocokela ku zisumbu za Caribbean kukagwila nchito m'ndeke, komanso owelengeka a ku West Africa, monga Johnny Smythe wa ku Freetown ku Sierra Leone, amene anali wolondolela njila m'ndeke yoponya mabomba mpaka pamene anagwetsedwa ku Germany mu 1943. Koma ku Southern Rhodesia, dziko la azungu pafupifupi 69,000 panthawiyo, mzele wa khungu unali wosadumphika.

M'zaka zimenezo amuna ambili a ku Fort Jameson, imene lelo ni Chipata, pamodzi na a ku Nyasaland na ku Tete, anali kugwila nchito m'mafamu na m'migodi ya Southern Rhodesia. Ena sanabwelele, ndiwo machona aja timamva m'nkhani za agogo. Ndeke zophunzitsila zinali kuuluka pamwamba pa mafamu a fodya amene anthu olankhula Cinyanja anali kulimamo.

Ophunzila awili a sukulu imodzi

Dzina lakuti Guinea Fowl limatanthauza nkhanga, mbalame imene imakonda kuthamanga kuposa kuuluka. Pa sukulu ya dzina limeneli panadutsa anyamata awili amene pambuyo pake anaima mbali zosiyana pa nkhani ya ufulu wathu.

Woyamba anali mwana wa komweko, wobadwila ku Selukwe mu 1919. Analowa usilikali wa ndeke mu 1941, anamaliza maphunzilo mu 1942, ndipo mu 1943 anagwa na ndeke ya Hurricane ponyamuka ku Egypt, ngozi imene inamusiyila zipsela kumaso moyo wake wonse. Mu 1944 ndeke yake ya Spitfire inagwetsedwa ku Italy, koma anapulumuka. Dzina lake anali Ian Smith. Mu 1964 anakhala nduna yaikulu ya Southern Rhodesia, ndipo pa 11 November 1965 analengeza kuti dzikolo ladzipatula ku Britain pansi pa ulamulilo wa azungu. Mbili yake ya kunkhondo inamuthandiza kwambili pa ndale, kwawo komanso pakati pa omucemelela ku Britain.

Waciwili anacokela ku London. Mu June 1944, ali na zaka 19, anauluka yekha kwa nthawi yoyamba m'mamawa pa Guinea Fowl, mu ndeke ya Cornell imene inali italowa m'malo mwa Tiger Moth. Mwezi womwewo analandila uthenga wakuti mkulu wake Michael, nayenso pailoti, wafa pa ngozi ya ndeke ku England. Uyu anali Tony Benn. Mu 1950 anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ku Britain, ndipo mu 1954 anali mmodzi wa oyambitsa Movement for Colonial Freedom, gulu limene linatsutsa boma la Federation na kucilikiza omenyela ufulu a mu Africa. Mpaka ukalamba wake anali kukamba za tsankho limene anaona ku Rhodesia ali wophunzila.

Kucoka ku Thornhill kufika ku Chikumbi

Nkhondo itatha, Guinea Fowl inasanduka sukulu ya ana, koma si mabwalo onse anatsekedwa. RAF inapitiliza kuphunzitsa ku Rhodesia mpaka mu 1954, ndipo dzikolo linatsala na mabwalo, mashedi, amakanika, aphunzitsi, na mazana a amuna odziwa kuuluka. Pa maziko amenewa m'pamene panamangidwa gulu la ndeke za nkhondo la Federation ya Rhodesia na Nyasaland. Linagula ndeke zoponya mabomba za Canberra mu 1959 na ndeke zaliwilo za Hunter kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960. Ndalama zinacokela m'thumba la Federation, limene mbali yaikulu inali msonkho wa mkuwa wa ku Copperbelt.

Federation itatha mu 1963, ndeke zankhondozo zinapatsidwa kwa Southern Rhodesia. Ghana inadandaula ku bungwe la United Nations kuti kupatsa boma la azungu ocepa zida zotelo n'kuika dela lonse pa ngozi, koma mu September 1963 Britain inatsekeleza cigamuloco. Northern Rhodesia inalandila ndeke zowelengeka zonyamula katundu na anthu. Zambia Air Force inayamba mu 1964 ikutsogoleledwa na azungu ocokela ku Britain, ndipo m'Zambia woyamba kuitsogolela, Peter Zuze, anatenga udindo mu 1972. Smith atadzipatula, mafuta a galimoto analeka kubwela kudzela kum'mwela, cakuti kumapeto kwa 1965 na mu 1966 ndeke za Britain, Canada na America ndizo zinali kutibweletsela mafuta m'migolo.

Pa 3 September 1978 asilikali a ZIPRA, gulu la Joshua Nkomo limene linali na misasa m'Zambia, anagwetsa ndeke ya anthu wamba ya Air Rhodesia itangocoka ku Kariba, ndipo ena mwa opulumuka anaphedwa pansi. Pa 19 October Rhodesia inabwezela. Ndeke za Canberra na Hunter pamodzi na mahelikoputa zinaphulitsa Freedom Camp ku Chikumbi, ndipo tsiku lomwelo zinaukila msasa wa ku Mkushi kumene kunali atsikana ambili. Anthu mazana anafa. Rhodesia inati inali misasa ya nkhondo, pamene ZAPU na boma la Zambia anati munali othawa kwawo ambili. Mtsogoleli wa ndekezo, Chris Dixon, amene pa wailesi anali kudzichula Green Leader, anauza a pa tawa ya eyapoti ya Lusaka kuti ndeke za Zambia Air Force zisanyamuke, apo ayi zidzagwetsedwa. Kwa kanthawi m'mawa umenewo, wolamula thambo la likulu lathu anali mlendo. Kwawo kwa ma Hunter amenewo kunali ku Thornhill, limodzi la mabwalo amene anasalazidwa kaamba ka ophunzila a nthawi ya nkhondo.

Oyendetsa ndeke a mu 1978 sanali anyamata aja a Tiger Moth. Ambili anali a m'badwo wotsatila. Koma anaphunzitsidwa na gulu limene linali na zaka pafupifupi 40 likuunjika maola, luso na aphunzitsi, pamene Zambia Air Force inali na zaka 14 cabe. Ndeke ukhoza kuigula caka cimodzi ngati ndalama zilipo. Mphunzitsi wa oyendetsa ndeke amacokela mwa wophunzila amene anayamba zaka zambili kumbuyo, pa maulendo aja a ola limodzi.

Maola akali kuwelengedwa cimodzi-modzi

Lelo ophunzila ambili amayambila pa ndeke monga Cessna 172, imene inayamba kugulitsidwa mu 1956 ndipo yapangidwa yambili kuposa ndeke ina iliyonse. Ili na denga, wailesi na GPS. Koma malamulo a bungwe la ICAO, amene maiko amatsatila popeleka malaisensi, akali kufuna zimene Meredith na aphunzitsi ake anali kufuna. Laisensi yoyamba imafuna maola osacepela 40, ndipo mwa amenewo 10 ufunika kuuluka wekha. Pafunikanso ulendo umodzi wa makilomita osacepela 270 uli wekha, wotela pa mabwalo awili osiyana. Mtunda umenewo ni wocepa kuposa wa pamsewu wocoka ku Lusaka kupita ku Ndola. Kuti ulembedwe nchito yonyamula anthu, maola afunika kufika 200, kapena 150 ngati waphunzila pa kosi yovomelezeka yosadukiza.

Mzele wa khungu unacoka. Kufupi na Kenneth Kaunda International Airport kuli Zambia Air Services Training Institute, sukulu ya boma ya nchito za ndeke. Mu 2016 Besa Mumba anayamba kuyendetsa ndeke za Proflight Zambia ali na zaka 19, msinkhu umene Benn anali nawo pa Guinea Fowl. Mu 2017 Thokozile Muwamba anakhala mkazi woyamba m'Zambia kuyendetsa ndeke ya nkhondo. Nchito ya ndeke zing'ono-zing'ono nayo ilipo: alendo opita ku South Luangwa na Lower Zambezi, madokotala a Zambia Flying Doctor Service ocoka ku Ndola kupita kumene msewu sufika nthawi ya mvula.

Cotsekeleza cimene catsala ni ndalama. Ola lililonse m'mwamba limadya mafuta, limalipila mphunzitsi, ndipo limafupikitsa moyo wa injini, zonsezi pa mitengo yotsatila dola. Mwana wa ku Matero kapena Chawama wokhoza masamu na sayansi angadziwe zonse za m'buku, koma buku silipatsa maola. Ndipo ambili mwa amene makolo awo akwanitsa amapita kukaphunzila ku South Africa, monga anacitila Besa Mumba, n'kusiya ndalamazo kumeneko.

Mu 1940 Britain inaona kuti n'kwanzelu kunyamula anyamata pa sitima za pamadzi kwa milungu yambili, kudutsa nyanja yodzaza adani, kuti akapeze m'mawa woyela wa June. Ife m'mawa umenewo tili nawo caka ciliconse kucokela ku Livingstone mpaka ku Mbala, pamodzi na mabwalo ang'ono-ang'ono m'maboma ambili. Tikamakamba za mabasale, ngongole za maphunzilo na nchito za acinyamata, maphunzilo a ndeke sachulidwa kawili-kawili, ngati kuti ni masewela a ana a olemela. Zimene zinacitika pakati pa 1940 na 1978 zionetsa kuti ni nkhani ya dziko lonse, ndipo funso lofunika kufunsa aphungu athu n'lakuti ndani adzalipilila mwana wa m'komboni maola 40 oyamba.